Mkwatibwi wa M'ndowa

Inu amene mumakwera takisi yanga pa Kawale n'kumanunkhiza mipando ngati agalu a polisi, lekani. Fungo limenelo ndi la thobwa, ndipo ndikuuzani ndekha mmene linalowera, kamodzi kokha, wina asadzandifunsenso. Nanunso amene mumakuwa kuti "chigoli" ndikamadutsa pa Biwi, nkhope zanu ndazisunga.

Ine ndine dalaivala. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5 (osati umbuli ayi, sitinkamvana ndi aphunzitsi basi), koma chiwongolero ndachigwira zaka zoposa makumi awiri. Mu Lilongwe muno mulibe dzenje limene silinalawe tayala langa.

Ndili ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana, dzina lake Tadala. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, ndiye anakulira m'manja mwanga. Kusukulu ndinkamutula ndine m'mawa uliwonse, kuyambira ali kamwana mpaka Fomu 4, kutsogolo, pampando woti ndikanakwezapo pasenjala. Ndiye atapeza mwamuna, mnyamata wa ku Area 25, kwawo kumpoto, ine sindinafunse n'komwe kuti galimoto ya mkwatibwi adzayendetsa ndani. Munthu amafunsa kuti mwendo wakewu ayendera ndani?

Satana analowera kwa a Jafali, amene amandimeta pa Biwi. Bambo wa ku Mangochi ameneyu ali ndi TV m'shopu mwake, ndipo Chingerezi amachimvako, ndiye amamasulira chilichonse ngakhale simunamupemphe. Lachinayi lina masana ndinapeza mzere, ndinakhala pabenchi. Pa TV ankaonetsa mbiri ya mipikisano ya magalimoto ya kunja. Osati timagalimoto tija tokhala ngati ziwala, ta matayala panja ayi. Awa anali magalimoto enieni, a nyali ndi mipando, othamanga mtunda wautali. Zithunzi zake zakale zija, zakuda ndi zoyera.

A Jafali, makina ali m'mutu mwa munthu, maso ali pa TV, anayambapo.

"Uwu ndi mpikisano wa dziko lonse, bwana. Unayamba nkhondo yaikulu itatha. Lero ali ku Itale, mwezi wamawa ku Amereka, kenako ku Jeremani. Ngakhale ku Joni unafikako. Umafa, n'kudzukanso ndi dzina lina."

"Ngati chipani," ndinatero.

"Ngati chipani. Ndipo poyamba chikho chinkapita kwa kampani yopanga galimoto, osati dalaivala."

Apo ndinadziwa kuti nkhaniyi ndi yoona. Kulikonse padziko lapansi wotuluka thukuta ndi wina, wotchuka ndi mwini galimoto.

Kenako anaonetsa waukulu weniweni, wa ku Falansa. Kumeneko amathamanga usana ndi usiku wake, maola 24, madalaivala kumalandizana ngati azimayi pamtondo. A Jafali anati dzina lake m'Chichewa ndi mpikisano wa kupirira. Anati kalekale ankaika matumba olemera pamipando m'malo mwa mapasenjala, kuti galimoto ionekedi kuti ndi yonyamula anthu. Koma chimene chinandigwira mtima ndi poyambira. Magalimoto ankawandanda mbali imodzi ya msewu, madalaivala mbali inayo. Mbendera ikangotsika, azibambo onse liwiro kudutsa msewu, kudumphira m'galimoto, kuliza, fumbi koboo.

"Awa ndiye amuna," ndinatero.

Nthawi yanga inakwana, ndinameta, ndinadzuka. A Jafali anati, "Khalani kaye bwana, kutsogoloku ndi kumene kuli nkhani."

"A Jafali, inu zimetani. Za galimoto tisiyireni ife."

Ndinatuluka.

Lamlungu lake kunali miting'i ya komiti ya ukwati kwa achemwali ku Kawale. Achemwali ndi amene anali tcheya (anadzisankha okha, palibe anatsutsa, amene mukuwadziwa mukumvetsa). Anawerenga papepala za keke, za holo, za nkhuni, mpaka anafika pa magalimoto.

"Galimoto ya mkwatibwi, a Gondwe."

Ndinayesa khutu langa lalowa madzi. A Gondwe ndi amalume a mkwati, mkulu wa mpingo, anapuma ntchito ya m'ofesi. Munthu wake ndi wabwino, ndipo ndi chimene chimandinyansa. Akamayendetsa galimoto, a kabaza amawapitirira n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha mpaka kufunsa za ana.

"Ndiye ine?"

"Inu achimwene mutenga mapoto ndi azimayi ophika."

"Mapoto? Mwana ndamulera ine, ine nditenge mapoto?"

A Gondwe anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Asewele, ine sindinapemphe. Ngati zikuvuta..."

"Sizikuvuta," achemwali anawadula. "Komiti yagamula."

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinaimirira, ndipo zonse za kwa a Jafali zinandituluka m'kamwa ngati ndinabadwira ku Falansa komweko. Ndinati anthu otsogola sagamula za galimoto papepala, amagamula pamsewu. Ndinawauza za maola 24, za matumba, za kuthamangira galimoto. Ndinati ine ndi a Gondwe tipikisane, wopambana atenge mkwatibwi.

"Mpikisano wake wa chiyani?" achemwali anafunsa.

"Wa kupirira."

Azimayi onse anagwa nako kuseka. Achemwali mpaka anapukuta misozi ndi chitenje.

"Kupirira, achimwene? Inu amene simupirira ngakhale pamaloboti?"

Pakona panali mayi Banda, mlangizi wa kutchalitchi, amene amalangiza atsikana akamalowa m'banja. Mayi ameneyu sanaseke. Anati, "Asiyeni. Ngati ndi wa kupirira, ndiye mpikisano wathu umenewo. Ukwati ndi kupirira, timawauza ana tsiku ndi tsiku. Aweruzi tikhala ife."

Ndinavomera. Ndinkaganiza kuti woweruza mpikisano wa galimoto amangofunika maso awiri oti aone amene wafika poyamba.

Za maola 24 zinakanika, achemwali anafunsa kuti mafuta ake athira ndani. Tinatsitsana ngati pamsika wa kaunjika mpaka tinafika pa kuzungulira bwalo la mpira kanayi. Za matumba a mchenga mayi Banda anakana.

"Mchenga si mkwatibwi, bambo. Mchenga ungaugwetse sudandaula. Mkwatibwi tibweretsa ife."

A Gondwe anati ngati zibweretse mtendere m'mabanja awiriwa, iwo abwera. Achemwali anandiloza chala. "Mukagonja, mapoto, ndipo pakamwa potseka mpaka ukwati uthe."

Loweruka masana tinakumana pabwalo lija lafumbi lili kuseri kwa sukulu ina ku Biwi. Ine ndinauza anthu atatu okha, koma ndinapeza khamu. Anzanga a parenki, azimayi a komiti, ogulitsa chinangwa, mpaka timu ina imene inabwera kudzasewera inakhala pansi kuti ionere kaye. A Jafali anatseka shopu, anabwera ndi thaulo lometera kuti likhale mbendera.

Kenako azimayi anatulukira atasenza ndowa ziwiri zapulasitiki, zazikulu zija za zivindikiro, zodzaza thobwa. Iliyonse anaiphimba ndi katani yoyera ya maluwa ngati velo. Anabwera akuimba nyimbo ya ukwati, wina mpaka nthungululu. Ndowa imodzi anaikhazika pampando wakumbuyo kwa a Gondwe, ina kwa ine.

"Aliyense watenga mkwatibwi wake," mayi Banda anatero. "Wopambana ndi amene apirire naye mpaka kumufikitsa."

Ine ndinangomva mawu akuti wopambana.

Pano ndiulule kanthu. Chitseko changa cha dalaivala sichitseguka kunja, chogwirira chake chinathyoka kalekale. Masiku onse ndimalowera kwa pasenjala n'kudumpha giya. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti kuzungulira galimoto n'kutaya nthawi, ndiye ndinatsitsa galasi lonse kuti ndikangolowera pawindo. Pa TV paja ena ankadumphira choncho (ndinaiwala kuti magalimoto awo ambiri analibe denga, komanso eni ake analibe mimba).

Tinandanda magalimoto kumbali imodzi, ife tinaima kumbali inayo. A Gondwe anali mu jekete. Anandipatsa dzanja, "Mulungu atitsogolere, asewele." Ndinati atsogolere inuyo, ine njira ndikuidziwa.

Thaulo linatsika.

Ndinathamanga. Kunena zoona ndinali ndisanathamange kuyambira tsiku limene galu wa m'Chinsapo anandipirikitsa zaka khumi zapitazo, ndipo thupi linandikumbutsa. Mimba inkapita kwake, mawondo kwawo. Komabe ndinafika, ndinaponya mutu ndi manja pawindo. Mutu unalowa. Mapewa analowa. Pamimba galimoto inati basi, mwakwana.

Ndinatsakamira pamenepo, nkhope pa giya, miyendo m'mwamba ikupalasa mphepo, kumbuyo kwanga kutaloza azimayi a mpingo. Ndinamva kuti phwee, thalauza lang'ambika kuyambira pa lamba mpaka kumunsi. Bwalo lonse linaona kabudula wanga wamkati, ndipo sanali watsopano. Mnzanga wina wa parenki anabwera n'kundikankha ndi phewa ngati akukweza thumba la makala, ndinagwera mkati.

Ndikudzuka ndinasuzumira kuti a Gondwe ali pati. Anali asanafike n'komwe. Ankayenda. Panjira anaima kupereka moni kwa mayi wina wa kumpingo kwawo. Atafika anatsegula chitseko chakumbuyo, anakonza velo ya ndowa, anaimanga lamba. Ndowa, abale, kuimanga lamba. Anazungulira, analowa, anamanga wawo, anawerama kupemphera. Pomaliza anayatsa indiketa, pabwalo la mpira lopanda galimoto ina kupatula yanga.

Ine ndinaseka, ndinaponda moto.

Kuzungulira koyamba ndinauluka. Fumbi linakwera mpaka ogulitsa chinangwa anavindikira mabeseni. Kumbuyo ndinkamva kuti khuvu khuvu, ndinati pirirani mayi, ukwati ndi umenewu. Kachiwiri ndinawapitirira a Gondwe akadali pakona yoyamba, ndinawaimbira hutala, iwo anandikwezera dzanja ngati takumana kumaliro. Kachitatu anzanga a parenki ankakuwa dzina langa, ndipo ndinadziona ndili pa TV ya a Jafali, m'zithunzi zakuda ndi zoyera.

Pakona yomaliza ya kachitatu pali kachulu kakang'ono. Ndinakaona, koma ndinati dalaivala wa ku Falansa sangaponde buleki chifukwa cha chiswe. Galimoto inadumpha. Kumbuyo kunamveka phuu, chivindikiro chinamenya denga, velo inandigwera pamutu. Ndinaponda buleki, ndipo apo ndi pamene mkwatibwi anabwera kutsogolo yense. Thobwa linadutsa pakati pa mipando ngati mtsinje wa Lilongwe wasefukira, linandikwera pamsana, linalowa pong'ambika paja, linadzaza kumapazi.

Amene simuyendetsa galimoto dziwani lero kuti thobwa limaterera kuposa oilo. Phazi linachoka pa buleki n'kukatera pa moto. Maso ali m'katani, manja ali noninoni, ndinangomva anthu akubalalika. Pochotsa velo kumaso ndinaona mitengo iwiri ya bulugamu, wina uku wina uku, ine pakati. Ndinalowa m'golo bwinobwino, galasi la m'mbali linakola mtengo umodzi, wopingasa wa pamwamba uja unagwera padenga kuti gu, injini inazima.

Kenako timu ija inadzuka yonse pamodzi.

"Chigoli!"

Ndinayesa kuliza, inakana. Ndinakhala momwemo, chimera chikutsika m'khosi, ntchentche zitayamba kale kufika. Ndipo a Gondwe anali adakali pampikisano. Anandidutsa katatu. Ulendo uliwonse ankachepetsa liwiro (liwiro lake liti), kutsitsa galasi, "Muli bwino, asewele?" n'kuyatsa indiketa, n'kupitirira. Atamaliza kanayi anaima pamaso pa azimayi, anatsegula chitseko, anamasula lamba. Mayi Banda anavundukula. Ngakhale chivindikiro mkati chinali chouma. Anatulutsa makapu, bwalo lonse linamwa mkwatibwi wa a Gondwe, ine ndikukolopa wanga ndi malaya.

Ndinapita kukachita apilo, dzanja limodzi litagwira thalauza kumbuyo.

"Ine ndinali patsogolo. Aliyense waona."

"Mkwatibwi wanu ali kuti, bambo?" mayi Banda anafunsa.

"Mpikisano ndi wa galimoto, si wa thobwa."

"Munanena nokha kuti ndi wa kupirira. Inu mwapirira chiyani? Amene wapirira ndi ndowa, mpaka yalephera."

Ndinatembenukira kwa a Jafali kuti anene malamulo enieni a ku Falansa. Munthu amene ndakhala ndikumupatsa mutu wanga zaka zonsezi anakanda chibwano.

"Bwana, kumeneko ngakhale utsogole usiku wonse, ukapanda kumaliza sakuwerenga. Komanso zothamangira galimoto zija anazithetsa kalekale. Anthu ankanyamuka osamanga malamba, ena anafa nazo. Chaka china dalaivala wina anakana kuthamanga, anangoyenda, anamanga lamba wake bwinobwino, ananyamuka womaliza."

"Ndiye anathera kuti?"

"Anapambana."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munati ndizimeta."

Mawa lake masana ndinatulutsa mipando yonse panja kwathu kuti ndichape. Ndili mkati mopala chimera ndi supuni, ndinaona Tadala wafika ndi ndowa ya madzi ndi sopo. Anagwada n'kuyamba kutsuka kapeti. Ndinayamba kumudandaulira kuti amayi ake ndi komiti yawo andichita chipongwe, kundilanda mwana wanga n'kumupereka kwa munthu woyatsa indiketa m'bwalo la mpira.

Anafinya nsanza, osandiyang'ana.

"Amalume, si amayi. Ndinapempha ndine."

Supuni inandigwa.

"Zaka zonse zija mumakanditula kusukulu, ndinkafika mimba itatembenuka. Piriyodi yoyamba sindinkamva kanthu. Sindinkanena chifukwa munkasangalala, mumati tawapitirira onse. Koma tsiku limeneli ndidzavala zoyera, amalume. Ndikufuna ndikafike ndili munthu."

Mwana anapirira zaka khumi ndi ziwiri pampando wakutsogolo, osatayika ngakhale dontho. Ndinangoti tsukanso apo, pakona pakadali thobwa.

Tsiku la ukwati ndinanyamula mapoto. Ndinavala suti, pakamwa ndinatseka monga tinapanganirana. Kutchalitchi ku Kawale ndinakhala kumbuyo, ndipo Tadala akulowa ndinalira pang'ono (fumbi, tchalitchi chimenechija sasesa bwino). Titatuluka achemwali anati mapoto ndi azimayi atatu ophika zipite kuholo ku Likuni, ine ndizitsatira mdipiti kumbuyo kwenikweni.

Ndinatsatira. Mulungu ndi mboni, ndinatsatira. A Gondwe kutsogolo ndi maliboni, magalimoto asanu ndi atatu pambuyo pawo, tonse tikukwawa ngati tikuperekeza maliro a mfumu. Munthu wina wokankha wilibala anatipeza n'kutisiya. Ndinaluma mlomo mpaka Chinsapo. Ndinadziuza kuti pirira, mwana ananena. Koma titangodutsa msika msewu unatseguka mbee, kutsogolo kopanda kanthu, ndipo phazi langa silinapite kuchilangizo. Ndinawapitirira onse asanu ndi anayi kamodzi, mapoto akulira ngati belu, azimayi kumbuyo akuitana Yesu.

Tinafika kuholo, geti lotseka. Mlonda anati makiyi ali ndi tcheya. Tinadikira. Theka la ola, ola, mdipiti osaoneka. Azimayi anakhala pamthunzi osandilankhula. Ine sindinkadziwa kuti nditangowapitirira, a Gondwe anayatsa indiketa yawo ija n'kukhotera kumalo ena a maluwa kumene anakonza zokajambulitsa zithunzi za banja. Akuti achemwali anandiimbira kasanu. Foni inali m'jekete, jekete lili pansi pa mapoto. Akuti Tadala anaimitsa wojambula, anati dikirani amalume, mpaka dzuwa linayamba kuwotcha anthu, anajambula.

Zithunzi zinatuluka. Chachikulu achemwali anachipachika pabalaza. Pali Tadala, mwamuna wake, achemwali, mayi Banda, abale a kumpoto mpaka ena oti mkwati yemwe sakuwadziwa. Kumanja kwa mkwatibwi, pamalo pa amalume, paima a Gondwe, manja kutsogolo, akumwetulira ngati apepesa.

Tadala anabwera kudzandiona patapita sabata, anandibweretsera chidutswa cha keke chimene anandisungira. Anandifunsa kuti amalume, bwanji simunangodikira. Ndinati mapoto amafunika afike msanga. Anandiyang'ana, ndinayang'ana keke.

Pabalaza pa achemwali ndimakhala mofulatira khoma limenelo. Koma wina akafunsa kuti kuholo anayamba kufika ndani, ayankhe zoona. Ndinawasiya ndi ola lathunthu ndi mphindi khumi, ndipo mlonda alipo, mukhoza kukamufunsa.